Bambo wochokera kowotcha khansa ya prostate: zoyenera ndi zosayenera

Khansa ya prostate ikakhala yaukali, madokotala sadalira chithandizo chimodzi. Amaiwotcha ndi cheza cha makina masiku asanu pa sabata kwa milungu ingapo, n'kuwonjezera jakisoni wotsitsa mahomoni achimuna amene amaikulitsa, kwa chaka ndi theka mpaka zaka zitatu. Kumene kuli zipangizo amaikanso cheza china m'kati mwa prostate. Bambo wa ku Etatara, ku Mozambique, amadutsa ku Cuamba ndi Nampula kuti akafike ku Hospital Central de Maputo, kumene makinawa anayamba kugwira ntchito mu 2019. Zovuta zina zimamupeza atabwerera kumudzi, dokotala ali kutali.

Zoyenera: Imwani madzi okwanira masana, muchepetse dzuwa likalowa. Kukodza pafupipafupi ndi kumva kutentha pokodza kumabwera chifukwa chikhodzodzo chili pamwamba pa prostate, ndipo njira ya mkodzo imadutsa m'kati mwa prostate, choncho cheza chimazikhudzanso. Kwa ambiri zimachepa pakapita milungu kapena miyezi.

Zosayenera: Musadikire kunja kuche mkodzo ukatsekeka. Pitani kuchipatala usiku womwewo akauchotse ndi paipi. Kafukufuku wa ku Canada wotchedwa ASCENDE-RT anapeza kuti pofika zaka zisanu, amuna 18 mwa 100 owotchedwa kunja ndi m'kati momwe anali atakumana ndi vuto lalikulu la mkodzo, pomwe mwa owotchedwa kunja kokha anali 5.

Zoyenera: Mukatsegula m'mimba, idyani phala, mpunga ndi nthochi, mumwe thanzi, madzi aja a mchere ndi shuga.

Zosayenera: Tsabola, kachasu ndi fodya zisiyeni. Zimanyerenyesa pamene pali kale chilonda.

Zoyenera: Mukaona magazi mumkodzo kapena m'chimbudzi, ngakhale patatha zaka ziwiri, tengani mapepala anu onse a ku Maputo mukawaonetse namwino.

Zosayenera: Musangoti ndi likodzo. N'zoona kuti likodzo lilipo kwathu kuno, makamaka chakunyanja za Chiuta ndi Amaramba, koma cheza chimasiya timitsempha tosachedwa kusweka m'chikhodzodzo ndi m'matumbo. Woyeza yekha ndiye angasiyanitse.

Zoyenera: Lembani tsiku la jakisoni wotsatira ndi la kuyezetsa magazi a PSA oonera mmene khansa ilili, ndipo ndalama zoyendera mupatule mukangogulitsa thonje kapena fodya. Yendani tsiku ndi tsiku, limani pang'ono m'mamawa, musasowe usipa m'mbale, chifukwa jakisoniyu amafewetsa mafupa ndi kunenepetsa mimba. Odwala shuga aziyezetsa kawirikawiri.

Zosayenera: Musasiye jakisoni panjira. Apa ndi pamene ine mtima umandiwawa kwambiri. Thupi limatentha mwadzidzidzi, thukuta kamukamu pakati pausiku, mawere amatupa, khasu limalemera, munthu n'kuganiza kuti mankhwala akumupha. Zimenezi n'zizindikiro zakuti mahomoni atsika monga anafunira madokotala. Kambiranani nawo za njira zochepetsera ululuwo, koma kusiya mwa inu nokha n'kutsegulira khansa khomo.

Zoyenera: Khalani pansi ndi mayi a kunyumba muwafotokozere zakuchipinda musanayambe chithandizo. Chilakolako chimazirala, mphamvu zimachepa, umuna ungathe kuuma. Kwa ena zimabwerera jakisoni akatha, kwa ena sizibwerera zonse. Ngati mukufunabe ana, nenani cheza chisanayambe.

Zosayenera: Musaloze munthu chala kuti wakumangani, ndipo inu mayi musaganize kuti bambo apeza wina. Mapilitsi a mphamvu ogula pamsika ndi oopsa kwa womwa mankhwala ena a mtima, choncho funsani kaye dokotala.

Zoyenera: Inu a m'banja, idyani naye bamboyo mbale imodzi, gonani naye pamphasa imodzi. Cheza cha makina sichitsala m'thupi ndipo khansa sipatsirana.

Zosayenera: Yekhayo amene anamusiyira tinjere ta cheza m'kati asakhazike ana pamiyendo kapena kukhalitsa pafupi ndi mayi woyembekezera kwa nthawi imene dokotala wamuuza.