Njira ya Mnzanu Si Yanu

Ana anga a kuno ku Molumbo, njira yolerera musamasankhire pachitsime. Mnzanu akati jakisoni wamuyanja, akunena za thupi lake. Lanu lili ndi zake, ndipo safunsa anadya phula.

Mukafika kuchipatala, musafulumire kupinda mkono wa bulauzi. Anamwino ayambe akuyezani BP. Ngati magazi amathamanga, kapena mutu umakuwawani mbali imodzi mpaka m'maso kuthwanima, mapiritsi a mahomoni awiri si anu, chifukwa angadzetse sitiroko. Woyamwitsa khanda ali ndi ake a homoni imodzi, osachepetsa mkaka.

Kokani chikope chapansi muone mkati mwake. Kukatuwa, mwina malungo ndi njoka za m'mimba zakuchepetsani magazi. Zimenezo nenani musanaikitse lupu. Lupu ya kopa ilibe mahomoni ndipo imatha zaka 10, koma imachulukitsa msambo, makamaka miyezi yoyamba. Jakisoni wa Depo ndiye amachepetsa msambo, kwa ena kuuimitsiratu. Musaope, magaziwo saunjikana m'chiberekero. Koma dziwani kuti mukasiya Depo, mimba ingachedwe mpaka chaka. Wofuna mwana posachedwa aganize bwino.

Musabise mankhwala amene mukumwa. Rifampicin wa TB amafooketsa mapiritsi ndi kapulasitiki ka pamkono. Ma ARV a efavirenz nawo amakafooketsa, pamene a dolutegravir alibe vuto limeneli. Ngati ena mumakalandira ku Malawi, kudzera ku Muloza, bwerani ndi makadi onse awiri. Anamwino salosera.

Yezaninso mtunda. Depo amafuna mubwerere miyezi 3 iliyonse, kaya kuli dzinja kaya muli kumunda. Kumbukani Marichi 2023, namondwe Freddy atadula misewu ndi milatho kuno ku Zambezia ndi ku Mulanje. Wokhala kutali afunse za kapulasitiki ka pamkono, Implanon wa zaka 3 kapena Jadelle wa zaka 5.

Pa njira zonsezi, palibe yotchinga HIV ndi chindoko kupatula kondomu. Mkuzi wa m'chiuno sutchinga ngakhale mimba.

Inu anyamata, perekezani akazi anu mukamve nokha. Bungwe la WHO limalangiza kuti papite zaka 2 mayi atabereka asanatenge pakati pena, kuti thupi libwerere mwakale. Njira ikakuvutani, musangoisiya mwakachetechete. Bwererani kuchipatala mukasinthe, chifukwa ufulu umenewo ndi wanu.