Zakumwa zako usaziyanike padzuwa

Mphwanga, poti wasankha geni ya zakumwa zoziziritsa kukhosi pano pa Biriwiri, imva chinthu chimodzi chimene ambiri amachidziwa mpamba utatha kale. Munthu wotsika basi pa msewu wa M1 sagula madzi a shuga ayi. Amagula gasi, kuja kumalasa kukhosi mpaka maso kulengeza misozi. Gasi akathawa, Fanta imasukuluka, ndipo kasitomala uja ulendo wina adzakulambalala ngakhale umukuwire chotani.

Gasiyu ndi mpweya wa carbon dioxide. Kufakitale amaukanikizira m'chakumwa chikadali chozizira kwambiri, chifukwa madzi ozizira ndiwo amasunga mpweya wambiri. Madzi amene atsala pang'ono kuundana amasunga pafupifupi magalamu 3.3 a mpweyawu pa lita imodzi popanda kuukanikiza. Akafunda kufika madigiri 20 amasunga 1.7 basi, ndipo pa madigiri 40 amatsala ndi galamu imodzi yokha. Choncho botolo likakhala padzuwa, gasi amachoka m'chakumwamo n'kukathinana pampata uli pansi pa chitsekerero. Ukangotsekula, amatuluka mwaukali pamodzi ndi thovu, kasitomala n'kunyowa malaya, zotsala m'botolomo n'kukhala zopanda ukali.

Chimene chimandipweteka mtima ndi kuona anyamata atandandalika mabotolo pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ati kuti apaulendo aziona. Amatengera amayi a mbatatesi, kabichi ndi tomato amene amaunjika katundu wawo m'mbali mwa msewu, koma katundu wako ndi wina. Botolo lagalasi losatsekula likafunda n'kuliziziritsanso bwinobwino, gasi wambiri amabwerera m'chakumwamo. La pulasitiki ayi. Pulasitiki imadutsitsa mpweya pang'onopang'ono ngakhale chitsekerero chili chomanga, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Gasi amene wadutsa khoma la botolo wapita basi, filiji singamubweze. Ndiye zakumwa zonse za m'mapulasitiki, kaya ndi Frozy wochokera kutsidya ku Mozambique kaya zathu zomwezi, uziyambira kugulitsa zimene unayamba kuoda. Uzilifinya botolo ndi chala. Likakhala lozizira koma lolimba, lili bwino. Likamabonyoka mosavuta, gasi wachepa. Pabenchi ika mabotolo awiri atatu owonetsera, ena onse akhale mumthunzi.

Usanamizike ndi kuzizira kwa kwathu kuno. Inde tili pamtunda, ndipo mu June ndi July mphepo ya mwera imakuchitira ntchito yaulere, koma dzuwa la October silisamala kuti uli m'mapiri a Ntcheu. Okala ya malata masana imatentha kuposa panja. Ngati ulibe filiji, kapena magetsi azima, fundika kireti ndi chiguduli chonyowa pamalo podutsa mphepo, ndipo uzichinyowetsanso chikamauma. Madzi akamauma pachigudulipo amachotsa kutentha, monga momwe mtsuko wa agogo ako umaziziritsira madzi akumwa. Ngati uli ndi bokosi la ayisi, thiramo madzi pang'ono kuti botolo limire, chifukwa madzi ozizira amaliziziritsa msanga kuposa mpweya wa m'bokosimo. Bokosilo osamangolitsekulatsekula.

Kuzizira nako kuli ndi malire. Madzi akaundana amafufuma ndi magawo 9 pa 100 alionse, ndipo botolo lagalasi loiwalika mufiriza usiku wonse limaphulika. Pamenepo wataya chakumwa, wataya botolo loti ukabweze kodepoti, mwinanso wadzicheka dzanja pochotsa magalasi.

Za kuthamangira basi nazo ndinene. Ndikudziwa kuti woyamba kufika pawindo ndiye amagulitsa, koma botolo likakhutchumuka m'manja mwako timathovu timadzaza mkatimo, ndipo potsekula timafufuma tonse nthawi imodzi. Lofunda ndiye limachita kuposa. Nyamula mabotolo choimirira m'kabeseni, ndipo amene afika kumene pa njinga kapena pa lole uwasiye akhazikike ndi kuzizira usanawagulitse. Kasitomala akafuna kuti umutsekulire la pulasitiki, potokola chitsekerero pang'ono, udikire mpweya utuluke, kenako umalize. Ndipo ngati zozizira zakuthera, muuze poyera kuti zatsala zofunda, asankhe yekha. Madalaivala ndi makondakitala a msewu uno amadutsa tsiku ndi tsiku, ndipo ndiwo amauza apaulendo pogula.