Zimene Mafunde a Chivomerezi Aulula za Pansi pa Salima

Mayi wodziwa msika sagula mbiya asanaigogode, pakuti kulira kwake kumaulula ngati ili ndi mng'alu wobisika. Akatswiri a za miyala amafufuza za m'kati mwa dziko m'njira yofananayo, koma chogogodacho ndi chivomerezi.

Mwala ukathyoka pansi, umatulutsa mafunde amene amayenda m'miyala kupita kutali. Otsogola amatchedwa P, ndipo otsatira, amene amayenda pang'onopang'ono, amatchedwa S. Makina otchedwa seismometer amalemba nthawi imene mafundewo afika. Mpata wa pakati pa P ndi S umasonyeza kutalika kwa kumene chivomerezi chachokera, pomwe liwiro lawo limasonyeza mtundu wa miyala imene adutsamo.

M'chikhungwa cha dziko, chomwe ndi gawo lapamwamba, mafunde a P amayenda pafupifupi makilomita 6 pa sekondi. Akalowa m'gawo lotsatira, lotchedwa mantle, liwiro limakwera kufika pafupifupi makilomita 8. Malire a magawo awiriwa anawatulukira Andrija Mohorovičić wa ku Croatia pofufuza chivomerezi cha mu 1909. Kuno ku Malawi malirewa ali pafupifupi makilomita 40 pansi pa nthaka.

Nkhaniyi si yachilendo kwa anthu a ku Salima. Usiku wa pa 10 March 1989, chivomerezi champhamvu chinagwedeza boma lino, kupha anthu 9 ndi kusiya pafupifupi 50,000 opanda pokhala. James Jackson ndi Tom Blenkinsop atasanthula mafunde ake, analengeza mu 1993 kuti mwala unathyoka pa kuya kwa makilomita pafupifupi 30. M'zigwa zambiri zong'ambika za m'maiko ena, zivomerezi sizipitirira kuya kwa makilomita 15, chifukwa kupyola apo miyala ndi yotentha ndipo imapindika m'malo mothyoka.

Tanthauzo lake n'lakuti chikhungwa cha pansi pa chigwa cha Nyanja ya Malawi n'chozizira ndi cholimba mpaka pansi penipeni. Mwala wotere umasunga mphamvu kwa zaka zambiri, ndipo ming'alu yake imakhala italiitali. Chitsanzo ndi mng'alu wa Bilila-Mtakataka, kumwera kwa Salima, umene umapyola makilomita 100. Mng'alu wautali chotero ukasuntha wonse nthawi imodzi, ungathe kubweretsa chivomerezi choposa cha mu 1989.

Kafukufuku sanalekere pamenepo. Pakati pa 2013 ndi 2015, ntchito yotchedwa SEGMeNT inatchera makina ambiri kumpoto kwa nyanjayi, ena mwa iwo pansi pa madzi. Nthambi ya boma ya Geological Survey ku Zomba nayo imayang'anira makina oyezera zivomerezi m'dziko muno.

Komabe makinawa sanena tsiku limene chivomerezi chidzafike. Amangosonyeza kumene kuli chiopsezo, ndipo chotsala chili m'manja mwa omanga. Nyumba ya ku Senga Bay, Chipoka kapena Lifuwu imafunika maziko okumbidwa mokwanira, makamaka pamchenga, makoma olukana bwino m'makona, lamba wa simenti ndi zitsulo pamwamba pa zitseko ndi mazenera, komanso denga lopepuka. Makomiti a chitukuko a m'midzi ayenera kufunsa za zimenezi sukulu kapena chipatala chisanamangidwe, pakuti khoma likaima, kulikonza n'kokwera mtengo kuposa kulimanga bwino poyamba.