Phunziro: Mpunga, Madzi ndi Mudzi wa ku Vietnam

Ana inu, tsegulani mapu a Asia. Yang'anani kummwera kwa China, m'mphepete mwa nyanja, pamene pali dziko lalitali lopindika ngati chilembo cha S. Limenelo ndilo Vietnam. Kuchokera kumpoto kufika kummwera ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,650, koma chapakati pake dzikoli ndi lopapatiza zedi, moti pena pali makilomita 50 okha kuchoka kunyanja kufika m'malire a Laos. Anthu ake ndi pafupifupi 100 miliyoni, a mitundu 54, ndipo mtundu waukulu kwambiri ndi wa Kinh.

Eni dzikolo amalifanizira ndi madengu awiri a mpunga opachikidwa ku nsonga ziwiri za nsungwi imene munthu wanyamula paphewa. Dengu lakumpoto ndi chigwa cha mtsinje wa Hồng, wa madzi ofiira ndi matope, kumene kuli likulu la dzikolo, Hanoi. Dengu lakummwera ndi chigwa cha mtsinje wa Mekong. Nsungwiyo ndi dera lopapatiza lija la pakati. Chimene ndikufuna mutulukepo nacho lero ndi ichi: chakudya cha anthu amenewa, mamangidwe a midzi yawo, ngakhale masewero awo, zinamera m'munda wa mpunga wodzaza madzi. Mukamvetsa mundawo, zinazo zidzimasula zokha.

Amene kwanu ndi ku Karonga kapena ku Nkhotakota ntchito ya mpunga mukuidziwa. Mbewu imayamba yafesedwa pa nazale, mbande zikakula zimazulidwa n'kumangidwa m'timitolo, kenaka anthu amalowa m'matope n'kumawokera imodziimodzi, msana uli chiweramire tsiku lonse. Ku Vietnam nako ndi momwemo. Amayi amavala chipewa chosongoka cha masamba a kanjedza, chotchedwa nón lá, chimene chimatchinga dzuwa ndi mvula yomwe. Kale khasu lolimira linkakokedwa ndi njati yoweta, nyama yofatsa yokonda madzi imene mwana wa zaka zisanu ndi zitatu amatha kuikwera pamsana popita nayo kubusa. Masiku ano timathirakitala tayamba kulowa m'malo mwake, koma kumapiri a kumpoto, ku Sa Pa ndi ku Mù Cang Chải, kumene a Hmong ndi a Dao anasema minda yonga masitepe m'mbali mwa mapiri, njati ikadali pantchito.

Tsono taganizani bwino. Mpunga wam'madzi sufuna madzi ochepa, sufunanso ochuluka. Madzi amene alowa m'munda mwako adutsa kaye m'munda wa mnzako, ndipo akachoka mwako apita kwa wina. Ukatseka ngalande pa tsiku lolakwika waononga mbewu za mudzi wonse. Kumpotoko kulinso vuto lalikulu kuposa limeneli: nthawi ya mvula mtsinje wa Hồng umadzaza mpaka madzi ake kukwera kuposa minda ndi misewu yoyandikana nawo. Chimene chimautsekereza ndi makoma aakulu a dothi amene anthu akhala akuunjika ndi manja kwa zaka mazanamazana. Mbiri yawo imati mu 1108 mfumu ya banja la Lý inamangitsa khoma la Cơ Xá kuti liteteze likulu, ndipo mu 1248 mafumu a banja la Trần anaika nduna zapadera zoyang'anira makomawo. Khoma lotere silimangidwa ndi banja limodzi. Likang'aluka usiku, ng'oma imalira ndipo wamkulu ndi wamng'ono yemwe amathamangirako ndi dengu la dothi. Apa ndiye pagona chifukwa chimene mudzi unakhalira wamphamvu chotere pakati pa anthu amenewa.

Mudzi wakale wa kumpoto unkazunguliridwa ndi mpanda wa nsungwi zamoyo, wothithikana moti munthu sangadutse, wokhala ndi chipata chotsekedwa usiku. Mkatimo munkapezeka mtengo waukulu wa mtundu wa kachere, chitsime, ndi nyumba ya mudzi yotchedwa đình. M'nyumba imeneyi akuluakulu ankaweruza milandu, kugawa msonkho, kupereka nsembe kwa mzimu wosunga mudziwo, ndi kugawanso minda ya mudzi pakapita zaka zingapo kuti aliyense akhale ndi polima. Ali ndi mwambi wonena kuti lamulo la mfumu limagonjera mwambo wa mudzi, ndipo sankanena mocheza: akazembe a mfumu ankauza mudzi kuchuluka kwa msonkho ndi kwa asilikali ofunika, koma wosankha kuti apereke ndani anali mudziwo.

Ngakhale posangalala, anthuwa sanachoke m'madzi. Ali ndi sewero la zidole zovina pamadzi, limene mwala wolembedwa mu 1121 umalitchula kale. Bwalo lake ndi dziwe la m'mudzi. Osewetsa amaima m'madzi olekeza m'chiuno kuseri kwa chotchinga cha nsungwi, n'kumayendetsa zidole zosema pogwiritsa ntchito mitengo italiitali ndi zingwe zobisika pansi pa madzi. Oonerera amangoona mlimi akutsogolera njati yake, msodzi akulimbana ndi nsomba, abakha akuthawa chilombo. Alendo ambiri amakaonera sewerolo mu mzinda wa Hanoi, koma kwawo kwenikweni ndi kumudzi.

Tiyeni tsopano tilowe pakhomo pa mlimi mmodzi, chifukwa pamenepa pali nzeru imene ine ndimaisirira. Pomanga nyumba m'chigwa chosefukira, munthu amakumba dothi kuti akweze maziko. Dzenje lotsalalo limadzaza madzi n'kukhala dziwe la nsomba. Pambali pa dziwe pali khola la nkhumba ndi nkhuku, ndipo kuseri kuli dimba la masamba, nthochi ndi zipatso. Madeya a mpunga ndi makungwa ofewa a nthochi zimapita kwa nkhumba. Ndowe ya nkhumba imapita ku dimba, ina kudziwe kukameretsa tizakudya ta nsomba. Madzi a m'dziwe amathirira dimba, ndipo kamodzi pachaka matope a pansi pa dziwe amakololedwa n'kuthiridwa m'mitengo ngati manyowa. Abakha amakusidwira m'munda mpunga ukakololedwa kuti atole njere zotsalira, nkhono ndi tizilombo. Ulimi umenewu amautcha VAC, kuchokera ku zilembo zoyamba za mawu awo a dimba, dziwe ndi khola. Pakhomo potere palibe chotayidwa, ndipo ndiwo za tsiku lililonse zili pa mtunda wa mapazi makumi angapo kuchoka kukhitchini.

Chakudya chikapsa, zonse zimaikidwa pa thireyi imodzi yaikulu yozungulira, banja n'kukhala mozungulira pa mphasa. Pali mphika wa mpunga woyera wopanda mchere, mbale ya msuzi wa masamba, masamba ena owiritsa kapena okazinga ndi adyo, makamaka rau muống, chomera cha m'madzi chimene ndi chibale wa kholowa, ndi nsomba yophikidwa pang'onopang'ono mu kamphika kadothi ndi shuga wopsereza mpaka kuchita bii. Aliyense ali ndi kambale kake ka mpunga ndi timitengo tiwiri todyera, koma ndiwo ndi za onse. Kumpoto mwana sagwira timitengo asanaitane akulu kuti adye, kuyambira agogo, kenaka bambo ndi mayi, aliyense pomutchula ulemu wake.

Pakati pa thireyiyo pamakhala kambale kakang'ono ka madzi ofiirira, ndipo ameneyu ndiye mwini chakudya chonse. Dzina lake ndi nước mắm. Kapangidwe kake nkotere: asodzi amagwira tinsomba ta m'nyanja tonga usipa, n'kutisakaniza ndi mchere tisanavunde, magawo atatu a nsomba pa gawo limodzi la mchere. Amatithira m'migolo ikuluikulu yamatabwa, yoposa munthu kutalika, n'kutsendereza pamwamba. Zimakhala mmenemo pafupifupi chaka chathunthu. Mchere umaletsa kuola, pamene nsombazo zimasungunuka pang'onopang'ono, mpaka pansi pa mgolo kuyamba kudontha madzi oyera bwino a mtundu wa uchi. Odontha koyamba ndiwo amtengo wapatali. Otchuka kwambiri amachokera ku chilumba cha Phú Quốc ndi ku Phan Thiết. Fungo lake ndi lamphamvu, mlendo amayamba watembenuza nkhope, koma akasakanizidwa ndi madzi a mandimu, shuga, adyo ndi tsabola, amasanduka msuzi wotowerera chakudya chilichonse. Musaone ngati ndi zokometsera chabe. M'dziko lotentha ndi lachinyezi, kale kopanda mafiriji, imeneyi inali njira yosungira nsomba za nyengo imodzi kuti banja losauka lidye nazo mpunga chaka chonse.

Zakudya zimene dziko lapansi likuzidziwa kwambiri ndi zatsopano poyerekeza ndi zimenezi. Phở, msuzi wa mafupa a ng'ombe owira maola ambiri pamodzi ndi jinja ndi anyezi wowotcha, wothiridwa pa timizere tofewa ta ufa wa mpunga, unayamba kumpoto, cha ku Nam Định ndi Hanoi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Unafalikira kummwera mu 1954, dziko litagawidwa pawiri ndipo anthu pafupifupi 1 miliyoni atasamukira kumeneko. Buledi wa bánh mì ndi khofi zinabwera ndi atsamunda a ku France. Lero Vietnam ndi yachiwiri kwa Brazil pa ulimi wa khofi.

Chikondwerero chachikulu pa zonse ndi Tết, chaka chatsopano chowerengera mwezi, chimene chimagwa pakati pa kumapeto kwa Januwale ndi pakati pa Febuluwale. Mabasi ndi sitima zimadzaza, pakuti aliyense wogwira ntchito m'tauni ayenera kubwerera kwawo. Ngongole zimabwezedwa, nyumba imasesedwa, manda a makolo amalambulidwa. Ndiye pali bánh chưng. Banja limanyika mpunga wa mtundu womata usiku wonse, n'kuyala masamba aakulu obiriwira otchedwa dong. Pamasambapo amathira mpunga, kenaka mphodza zosenda, kenaka nyama yankhumba yamafuta yothira tsabola wakuda, mphodza kachiwiri, mpunga pamwamba. Amapinda masambawo kukhala phukusi la ngodya zinayi, n'kumanga ndi timizere ta nsungwi. Maphukusiwo amawira mu mphika waukulu maola 10 kapena 12, ndipo banja limachezera pamoto usiku wonse, kusonkhezera nkhuni ndi kuwonjeza madzi, ana akumvera nkhani za agogo mpaka tulo titawatenga. Oyamba kupsa sadyedwa kaye. Amaikidwa pa guwa la makolo, kashelefu kapamwamba kamene kali pafupifupi m'nyumba iliyonse, pamene pali zithunzi za omwalira, zipatso ndi zofukiza. Kwa iwo akufa akadali a m'banjamo, ndipo tsiku limene munthu anamwalira limakumbukiridwa chaka ndi chaka ndi phwando la abale.

Musaganize kuti dziko la mpunga silidziwa njala. Mu 1945, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kumpotoko kunagwa njala ya dzaoneni. Asilikali a Japan ndi olamulira a ku France ankatenga mpunga wa alimi, minda ina inakakamizidwa kubzala mbewu zosadyedwa, mphepo zamkuntho ndi madzi osefukira zinaononga zokolola, ndipo njanji yobweretsa mpunga wa kummwera inali itaphulitsidwa ndi mabomba. Anthu mazana a zikwi anafa, ena amawerenga mpaka 2 miliyoni. Nkhondo ina yaitali itatha mu 1975, boma linaumiriza alimi kulima m'magulu, zokolola n'kumapita ku gulu. Chakudya chinapitirira kusowa, dziko n'kumagula mpunga kunja. Mu 1986 atsogoleri anayamba kusintha mfundo za chuma, kusintha kumene amakutcha Đổi Mới, ndipo mu 1988 banja lililonse linapatsidwa munda woti lilime kwa zaka zambiri n'kugulitsa zotsala mmene likufunira. Chaka chotsatira, 1989, Vietnam inagulitsa kunja matani a mpunga oposa 1 miliyoni. Mu 2023 inagulitsa oposa 8 miliyoni. Nthaka inali yomweyo, alimi anali omwewo. Ine ndimaona kuti apa pali phunziro lolemera: mudzi unkagwirizana pa madzi ndi pa makoma chifukwa aliyense ankaona yekha phindu lake, koma mgwirizano wolamulidwa kuchokera kumwamba, wolanda mlimi thukuta lake, unalephera kudzaza nkhokwe.

Mpunga wochuluka wogulitsidwa kunjawo umachokera ku chigwa cha Mekong, chimene chimakolola pafupifupi theka la mpunga wa dziko lonselo, m'madera ena katatu pachaka. Kumeneko ngalande ndiyo inali msewu. Pa msika wa Cái Răng, pafupi ndi mzinda wa Cần Thơ, malonda amachitikira m'mabwato kusanache, ndipo wogulitsa sakuwa: amaimika nsungwi pa bwato lake n'kupachikapo chinanazi kapena dzungu, wogula n'kudziwira patali chimene chilimo. Msikawu ukucheperachepera chifukwa milatho ndi misewu yafika, ndipo katundu tsopano amayenda pa malole. Chodetsa nkhawa kwambiri ndi mchere. Madamu amagetsi omangidwa kumtunda kwa mtsinje amatsekereza matope amene ankadyetsa chigwachi, nthaka ikutsika pang'onopang'ono, ndipo nthawi ya chilimwe madzi a m'nyanja amalowa m'ngalande makilomita ambirimbiri. Mu 2016 ndi mu 2020 minda yambiri ya mpunga inapserera ndi madzi amchere, mabanja n'kumagula madzi akumwa.

Nkhani ya mtsinje umenewu tidzaipitiriza sabata yamawa. Aliyense adzabwere atalemba m'kope lake mayiko asanu ndi limodzi amene Mekong amadutsa asanathire m'nyanja, kuyambira kumene amachokera, ndipo adzakhale wokonzeka kundiuza kuti madzi a mtsinje wotere mwini wake ndani.