Misozi yosauma ndi chotupa pambali pa mphuno

Wowulutsa: Adokotala a maso afika. Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu. Akuti: "Diso langa lakumanzere limangolengeza misozi, chino ndi chaka chachitatu. Kumsika anthu amandifunsa kuti kwagwanji. Pakati pa diso ndi mphuno pamatupa, ndikadinapo mafinya amatulukira m'diso. Mankhwala odontheza ndagula mpaka ndatopa. Kuchipatala akuti opaleshoni. Kodi sakandikolowola diso?"

Dokotala: Mayi, mtima m'malo. Diso lenilenilo mpeni sulifika, chifukwa vuto lili m'ngalande ya misozi. Mukapeza galasi, kokerani pansi chikope cham'munsi, muyang'ane cha kumphuno. Muona kabowo kakang'ono ngati kobaya ndi singano. Kena kali m'chikope cham'mwamba. Misozi ikatsuka diso imalowa m'timabowo timeneti, n'kusonkhana m'kathumba kamene kali pambali pa mphuno, kenako n'kutsika ndi kanjira ka m'fupa mpaka m'mphuno. N'chifukwa chake pamaliro olira amangokhalira kumina.

Kwa inu kanjira kam'munsiko katsekeka. Misozi yasanduka chithaphwi m'kathumba muja, tizilombo taswana, n'kukhala mafinya amene mukuwaonawo. Vutoli limakonda amayi opitirira zaka 40. Mankhwala odontheza amachepetsa mafinya masiku angapo, koma sangaboole njira yotsekeka m'kati mwa fupa. Ndalama zanuzo zikungopita.

Wowulutsa: Nanga opaleshoniyo imayenda bwanji, adokotala?

Dokotala: Timaitchula mwachidule kuti DCR, ndipo si yachilendo: dokotala wa ku Italy, Addeo Toti, anaifotokoza mu 1904. Timacheka pang'ono pambali pa mphuno, malo osatalika kuposa chikhadabo. Timaboola kazenera m'fupa lopyapyala lolekanitsa kathumba ndi mphuno, n'kusokerera kathumbako ku khungu lam'kati mwa mphuno. Misozi yapeza njira yachidule, yakale ija timangoisiya. Nthawi zambiri timasiyamo kapaipi kofewa, kowonda ngati ulusi, kuti bowo lisatsekeke pamene bala likupola, ndipo timadzakachotsa pakapita masabata kapena miyezi ingapo. Ntchito yonse imatenga ola limodzi kapena kupitirirako. Ena timawagoneka tulo, ena jakisoni wa dzanzi amakwanira. Mwa anthu 10, pafupifupi 9 amachira. Kumene kuli zipangizo amadzera m'mphuno ndi kakamera osacheka kunja, komabe kachipsera ka njira yocheka kunja ija kamazimiririka, magalasi amakabisanso.

Mukatuluka, timagazi tam'mphuno tsiku loyamba tisakuopseni. Koma musamine kwa masabata awiri, ndipo khasu ndi mtolo wa nkhuni zidikire kaye. Ngati mumamwa aspirin, nenani opaleshoni isanachitike. Yambirani kwa a maso pachipatala cha boma lanu; iwo ndiwo amatumiza ku zipatala za maso za Lions ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth.

Chinanso, pakadzatupa mofiira, motentha, ndi ululu wosagonetsa, osaboola ndi minga kapena lezala ngati chithupsa wamba. Matendawo angafalikire kuseri kwa diso. Thowani ndi kansalu kofunda, mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Tiyamba ndi mankhwala akumwa, opaleshoni idzabwera kutupa kukaphwa.

Wowulutsa: Bambo wina wa ku Mulanje akudandaula. Akuti bambo awo anakwera basi kukachotsa ng'ala, koma anabwezedwa ati ayambe athana ndi mafinya a pambali pa mphuno.

Dokotala: Ndalama ya basi imawawa, ndikumvetsa, koma amene anawabwezayo anawachitira chifundo. Pochotsa ng'ala timatsegula diso. Mafinya aja akalowa m'kati, diso limatha m'masiku ochepa. Kwa agogo ofooka nthawi zina timangochotsa kathumba konseko. Timisozi timapitirira, koma mafinya amatheratu, ng'ala n'kuchotsedwa bwinobwino.

Wowulutsa: Yomaliza ndi ya mayi wa ku Kasungu. Mwana wawo wa miyezi inayi amadzuka diso litamatana ndi manthongo. Apongozi akuti azimufinyira mkaka wa m'mawere.

Dokotala: Apongozi tiwalemekeze, koma mkaka upite kukamwa. Madzi a masamba ndiye ayi ndithu, ndaonapo maso a ana atawonongeka nawo. Ana ambiri amabadwa kanjira kaja kali ndi kakhungu kotseka kumapeto, ndipo mwa 10, pafupifupi 9 kamatseguka kokha asanakwanitse chaka. Sambani m'manja, wengani zikhadabo, ikani chala pakona ya diso cha kumphuno, n'kusisita motsitsa ndi kamphamvu pang'ono, kangapo patsiku. Manthongo pukutani ndi madzi owiritsa atazizira. Chaka chikatha osasintha, timamugoneka mwanayo n'kulowetsa kawaya kosalala kukaboola kakhunguko, fupa sitilikhudza. Koma khanda la masiku ochepa lotupa zikope ndi mafinya ambiri, kapena mwana amene diso lake likukula, lachita mtambo ndipo amathawa kuwala, amenewo ndi matenda ena. Musadikire tsiku la sikelo, nyamukani lero.

Wowulutsa: Nthawi yatithera. Makalata okhudza shuga ndi maso tiwawerenga sabata yamawa.