Mthirira wa Madontho: Dziwani Mmene Madzi Amayendera M'paipi

Alimi anzathu a kudimba, chida cha mthirira wa madontho, chimene ambiri amangoti drip, n'chosavuta. Pamafunika mgolo wokhazikidwa pansanja yotalika mita imodzi kapena imodzi ndi theka, sefa, paipi yaikulu, ndi timapaipi takuda tokhala ndi mabowo, totsata mizere ya mbewu. Madzi amadonthera pa tsinde la tomato kapena mpiru, osati pa udzu. Koma zida zambiri zimatsekeka msanga, ndipo gwero lake ndi kayendedwe ka madzi.

M'chaka cha 1883, katswiri wina wa ku Manchester, Osborne Reynolds, anathira utoto pang'ono m'madzi oyenda m'paipi yagalasi. Madziwo akamayenda pang'onopang'ono, utotowo unkangotsata kamzere kamodzi kowongoka. Atawonjezera liwiro, kamzereko kanayamba kugwedezeka, kenaka kanabalalika, madzi onse n'kuvunduka. M'kapaipi ka mamilimita 16, kusinthaku kumayamba madzi akamathamanga pafupifupi masentimita 15 pa sekondi.

Izi zikukukhudzani bwanji? Madzi ovunduka amanyamula fumbi ndi matope n'kupita nazo. Madzi ofatsa amazitula pansi, monga muja mtsinje umasiyira mchenga pamene wafika padambo. M'kapaipi kanu, bowo lililonse limachotsako madzi, choncho liwiro limanka licheperachepera. Pofika kumapeto a mzere, madzi amakhala atafatsiratu, ndipo kumeneko n'kumene matope amaunjikana. Mukaona mbewu zakumapeto zikufota pamene zapafupi ndi mgolo zili bwinobwino, yambani mwaona kumeneko.

Mankhwala ake ndi aulere. Sabata iliyonse, makamaka ngati mumatunga kumtsinje kapena pachitsime chosawaka, dzazani mgolo, masulani kumapeto kwa kapaipi, madzi athamange mpaka ayere. Tsegulani mzere umodzi kapena iwiri basi. Mukatsegula yonse nthawi imodzi, mphamvu imagawikana, madzi amafatsanso, matope osachoka. Sefa itsukidwe tsiku lililonse, ndipo mgolo ukhale wovundikira kuti musamere ndere.

Chonde, bowo likatsekeka musalitokose ndi munga kapena singano. M'kati mwake muli kanjira kokhotakhota kamene anakakonza dala kuti kachepetse mphamvu ya madzi ndi kuwavundula asanadonthe. Mukakaboola, mbewu imodzi idzamwa madzi a zinzake. Lisisiteni ndi chala kapena litsukeni ndi madzi oyera, ndipo likakanika, kaonaneni ndi mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu.