Khansa ya Macende: Cotupa Sacibisa

Amuna ambiri m'makomboni monga Kanyama, Matero ndi Chawama amacita manyazi kupita ku cipatala macende akatupa. Kutupa kwina ndi phudzi cabe kapena matenda opatsirana, koma kwina ndi khansa.

Khansa imeneyi imagwira kwambiri amuna a zaka 15 mpaka 40, makamaka amene macende ao sanatsike ali akhanda. Imayamba ngati kanthu kolimba konga nsawa, kosawawa. Kawirikawiri imagwira mbali imodzi, koma mwa odwala 100, ocepera 5 imadzawagwira mbali zonse ziwiri, nthawi zina patapita zaka.

Madokotala akacotsa mbali imodzi, mwamuna angathe kuberekabe. Akacotsa zonse ziwiri saberekanso, ndipo amafunika mankhwala a testosterone moyo wake wonse. Motero wocotsedwa mbali imodzi asaleke kupimitsa yotsalayo.

Mwamuna aliyense azidzipima posamba kamodzi pamwezi. Akapeza cotupa, athamangire ku kiliniki ya pafupi, monga ya Mtendere kapena George, kuti amutumize ku UTH ndi ku Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa mu 2007. Khansa imeneyi ikapezeka msanga, imacira.